Kodi galu amalirira chiyani tikachoka?

Kodi galu amadziwa kuti munthu akapita amabweranso? Kuno ku Ng'ombe, mumzinda wa Lusaka, kukacha anthu amakhamukira kuntchito kumayadi a ku Roma ndi ku Kalundu, ena amakwera minibasi kupita ku Soweto, ana kusukulu. Chitseko chikangokhomedwa, galu wotsala pa tcheni amayamba kulira mokoka mawu. Akuluakulu amati ndi malodza. Koma ndi malodza anji oyamba tsiku lililonse loko akangolira pachitseko, n'kutha mwini wake akatulukira?

Pitani mukaone pamene amamangidwa. Nthaka yakumbidwa kuzungulira mtengo, chitini cha madzi chagubuduzidwa ndi tcheni, khosi lasupuka ubweya. Kodi kumeneku n'kupulupudza kapena mantha? Madokotala a ziweto amati galu woopa kusiyidwa yekha amavutika kwambiri mwini wake atangochoka kumene: amauwa, amakanda chitseko, amatafuna chimene chili ndi fungo la mwiniyo. Nanga madzulo tikapeza patapata yotafunidwa n'kutenga ndodo, iye amaphunzirapo chiyani? Za m'mawa sangazilumikize ndi ndodo ya madzulo. Kodi sitikumuphunzitsa kuopa kubwera kwathu, pamene kuchoka kwathu amakuopa kale?

Ena amati galu azikhala m'kanyumba usana wonse kuti usiku akhale wolusa. Kodi wolusa ndi wosokonezeka mutu tingawasiyanitse bwanji? Nanga tiana tagalu timene timagula tisanasiye kuyamwa, pamene malangizo ndi oti tikhale ndi mayi wawo milungu 8, tingaleke bwanji kulira?

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti thandizo lake silifuna ndalama. Kumuyendetsa m'mawa kuti atope. Kumusiyira madzi pamthunzi, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, ndi fupa losaphika loti azikukuta. Kuyala chitenje chakale pogona pake kuti azimva fungo lathu. Kumuzoloweza pang'onopang'ono: kutuluka mphindi zochepa n'kubwera asanayambe kulira, mawa n'kutalikitsako. Chovuta n'chiti pamenepa?

Odziwa sali kutali. Sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel pa yunivesite ya UNZA ili pafupi nafe, ndipo bungwe la Lusaka Animal Welfare Society limasamalira agalu mumzinda uno. Tikapita naye kukabayitsa katemera wa chiwewe, bwanji osafunsako za kuliraku?

Funso langa lalikulu ndi la ife eni komboni. Pa poloti imodzi timakhala mabanja angapo. Nthawi zonse pamakhala agogo pakhonde, amayi ochapa, wina wogulitsa makala kapena tomato pageti. Timasungitsana makiyi, timayang'anirana zovala pachingwe mvula ikabwera. Galu ameneyu usiku amalondera makomo athu tonse, sasankha la mwini wake lokha. Kodi chingatilepheretse n'chiyani kunena kuti, "Amake mwana, ndapita, mundionereko galuyu, muzimulankhulako"?