Laimu Analowa M'diso, Ine N'kudziyesa Dokotala

Nyumba yathu inkafunika laimu Khirisimasi isanafike, ndipo ndinauza mayi a kunyumba kuti sitiitana mmisiri, pakuti ntchito ya bulashi ndi ndowa siifuna satifiketi. Ndinasungunula laimu, ndinakwera pampando m'malo mwa makwerero, magalasi oteteza maso sindinawaganizire n'komwe, ndipo nditangokweza bulashi yodzaza kuti ndifike pamwamba pa khoma, nkhope ili chagada, dontho lalikulu lamphalaphala linagwera m'diso langa lakumanzere.

Ululu wake sindingaufotokoze. Choyamba chimene ndinachita ndi kutikita disolo ndi mkono wa malaya, malaya omwewo amene anali mbuu ndi laimu, ndiye kuti ndinkakankhira timibulu ta laimu mkati ndi dzanja langa lomwe. Kenako ndinatapa madzi pang'ono m'manja, ndinawaza kumaso ngati ndikusukusula m'mawa, ndi kunena kuti zatha. Mayi a kunyumba anati, "Bambo, khalani pampopi madzi aziyenda m'disomo, ine ndikaitane kabaza." Ndinawayankha kuti asade nkhawa, ndili under control. Mawu amenewo amandichititsa manyazi mpaka lero.

Apa m'pamene sukulu yanga yochepa inandipweteka. Ndinakumbukira za Physical Science ya ku sekondale kuti laimu ndi alkali, ndipo alkali amazizira akakumana ndi asidi, choncho ndinapita kukhitchini diso limodzi lili chitsinzinire, misozi ikutsika, ndinadula ndimu, ndinafinyira m'kapu ya madzi, ndi kuthira m'diso lomwe linali lapsa kale, ndipo ndinakuwa mokweza moti ana a aneba anathamangira pampanda kudzaona chomwe chagwa. Zitakanika zimenezo ndinafufuza m'dirowa, ndinapeza kachubu kakale ka mafuta a m'maso komwe deti yake sindinaione n'komwe, ndinapaka, ndinamanga diso ndi mpango, ndinamwa Panado, ndi kugona pamphasa kudikira kuti thupi lidzikonze lokha.

Ndinavomera kupita kuchipatala dzuwa litapendeka, nditaona pagalasi kuti mbali ina ya diso yayera ndipo ululu wacheperako. Ine ndinatenga zimenezo ngati good news. Nditawauza a dokotala a maso monyadira, nkhope yawo sinasangalale. Anandifotokozera kuti diso lopsa ndi mankhwala likafiira pali chiyembekezo, koma likayera ndiye kuti timitsempha ta magazi tozungulira cornea, kagalasi koonekera kakutsogolo kwa diso, tawonongeka, ndipo pamalo omwewo m'pamene pamachokera maselo okonzanso kagalasiko. Ululu ungachepe chifukwa minyewa yomvera yapsa.

Sanataye nthawi ndi mafomu. Anandigoneka, anadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, namwino anatsegula zikope ndi zala n'kulozetsa kapaipi ka diripi m'diso, ndipo madzi anayenda thumba ndi thumba, kutsikira m'khutu, m'khosi, mpaka kunyowetsa malaya onse. Kenako a dokotala anatembenuza chikope chapamwamba, ndi kutokosamo ndi kathonje timibulu toyera ta laimu, tina tokulirapo kuposa njere ya mchenga, n'kundionetsa. Tonseto tinali mmenemo tsiku lonse, tikusungunuka pang'onopang'ono ndi misozi yanga, ine nditatitsekera ndi mafuta ndi mpango. Ankagunditsa kapepala m'mphepete mwa chikope kuyeza pH, ndipo sanasiye kutsuka mpaka itabwerera pafupi ndi 7. Atandifunsa zomwe ndinachita kunyumba, ndinalankhula za ndimu ndi mawu apansipansi, maso a namwino ndikuwapewa.

Ndinaphunzira ndili chigonere pabedi lija kuti ndinkaopa chinthu cholakwika. Moyo wanga wonse ndinkaopa asidi wa mu batire ya galimoto, koma asidi wambiri akapsereza pamwamba pa diso, nyama yopsayo imaundana n'kumutchinga kuti asalowe kwambiri. Alkali alibe chomutchinga, amasungunula mafuta a m'maselo n'kumalowerabe mkati. Ndipo alkali tili naye paliponse: laimu, simenti, caustic soda wopangira sopo, mankhwala otsegulira mapaipi, ngakhale Jik wochapira. Chimene chikadandipulumutsa chinali pabwalo pomwepo, mpopi umene mayi a kunyumba ankandilozera.

Ndinamwa mankhwala, ndinadontheza ena usana ndi usiku, ndinapitanso kangapo kukaunikidwa ndi utoto wachikasu ndi nyale yabuluu. Diso silinafe, koma latsala ndi chipsera, moti ndikatseka lakumanja zilembo za pafoni zimaoneka mwachimbuuzi.

Inu amene mukugwira laimu kapena simenti, valani magalasi oteteza. Mankhwala akalowa m'diso musatikite, musathiremo ndimu, viniga, mkaka wa m'mawere, shuga kapena zitsamba, ndipo musamange. Thamangirani madzi aukhondo amene ali pafupi, a pampopi kapena a m'botolo, tsegulani zikope ndi zala ngakhale zikupweteka, pendekani mutu kuti madziwo asatsikire m'diso linalo, yendetsani diso uku ndi uku, ndipo tsukani kwa mphindi zosachepera 20 mpaka 30. Mukatero pitani kuchipatala nthawi yomweyo, mutatenga paketi kapena botolo la mankhwalawo kuti a dokotala akaone chimene chalowa.