Mbuzi ilipo, mkwatibwi palibe

Kwathu ku Ching'ambo anthu amandidziwa ngati wojambula, ndipo dzinali ndinkalinyadira kufikira tsiku lomwe ndikufuna kusimbali. Kamera ndili nayo yeniyeni, yakuda, yolemera, yokoleka m'khosi ndi lamba, yomwe ndinagula kwa m'bale wina wa kumpingo atatopa nayo. Ndajambulapo maphwando a masiku obadwa, ana otsazika sukulu ya mkaka atavala mikanjo yowakulira, ndi mwambo wovumbulutsa chiliza kawiri. Ukwati wathunthu wokha ndinali ndisanaugwirepo.

Ndiye mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayi a kunyumba, atapeza banja, nkhani ya wojambula inabwera pa msonkhano wa komiti. Mitengo yomwe anyamata a m'tauni anatchula inachititsa apongozi anga aamuna kuvula chipewa n'kumachisuzumira m'kati ngati yankho lili m'menemo. Apa m'pamene ndinatsokomola. Ndinati bwanji ndalamayo ipite ku mpunga ndi nkhuku, za zithunzi ndi kanema asiyire ine mkamwini wawo, kwaulere. Anthu anaomba m'manja. Apongozi aakazi anati, "Yewo chomene, dada," ndipo ndinatuluka pamenepo ndikuyenda ngati phungu wongowina kumene.

Panjira mayi a kunyumba anafunsa funso limodzi lokha. "Kodi abambo, kamemore kanu kaja kakwana ukwati wonse?"

Sikakanakwana. Kanali ka 16 GB, kokalamba, kong'aluka pakona. M'mawa mwake ndinakwera sakramento, kabaza wa kuno, kupita kutauni kukafunsa mitengo ya memore khadi. Apa n'kuti Kwacha itagwetsedwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chokhala ndi zilembo za Chingerezi papaketi chinali chitakwera ngati chikuthawa galu. Mkulu wa pasitolo ina ananditulutsira ya 64 GB, nanditchulira mtengo woumitsa pakamwa. "Iyi ndi orijino, dada. Ikavuta mubwere nayo, ine ndimakhala pompano." Mumtima ndinati mbava zina zimavala jekete.

Usiku ndinagula bandulo n'kulowa pa sitolo ina yaikulu ya pa intaneti, ya kunja. Sindinachedwe kuipeza. Ya 128 GB, kuwirikiza kawiri ya mkulu uja, koma mtengo wosafika ndi theka lomwe. Pachithunzi panali dzina la kampani yodziwika dziko lonse, nambala 10 m'kati mwa kamkombero, 3 m'kati mwa chilembo cha U, ndi V30, zizindikiro zomwe ndinali nditawerengapo kuti zimalonjeza liwiro lokwanira kujambulira kanema. Ndipo pansi pake panali nyenyezi. Abale inu, nyenyezi! Zisanu zisanu zokhazokha, mndandanda wautali wa anthu zikwi ndithu, aliyense atasiya ndemanga yake.

Ndikufuna mumvetse nzeru zomwe ndinayendera, chifukwa sindinagule mwachimbulimbuli. Ndinakhala pansi n'kuganiza. Ndinati munthu m'modzi akhoza kunama, awiri akhoza kupangana, koma anthu zikwi a m'maiko osiyanasiyana, osadziwana, osayankhula chinenero chimodzi, angachite msonkhano kuti anamize munthu wa ku Ching'ambo? Ndinawerenga ndemanga zisanu za pamwamba. Wina anati yafika msanga. Wina anati inapakidwa bwino. Wina anati waika m'kompyuta ndipo ikuonetsadi 128. Ndinakhutira. Palibe ndi m'modzi yemwe amene ananena kuti anaidzaza n'kupeza zinthu zake zonse zili momwemo, koma zimenezi ndikuziona lero.

Msuweni wanga wa ku Johannesburg ndiye anaitanitsa pa akaunti yake, n'kuitumiza kudzera kwa matransipota aja onyamula katundu wa ku Joni kupita naye ku Mzimba ndi ku Mzuzu. Inayenda m'kati mwa nsapato ya mwana, nsapatoyo ili m'bulangete, bulangetelo lili m'chikwama cha mayi wina wa ku Chibavi. Inafika patatha mwezi, ikununkha sopo.

Paketi yake inali yonyezimira moti mwana wathu anaipempha kuti azisewera nayo. Ndinaika memoreyo m'kamera, ndipo pomwe pamaonetsa zithunzi zotsala panalembedwa nambala yomwe ndinali ndisanaionepo chigulireni kamerayo. Ndinajambula nkhuku. Inatuluka. Ndinajambula mayi a kunyumba atakwinya nkhope pa mbaula. Anatuluka, ndi makwinya omwe. Ndinati ndi izi, tamaliza kuyesa.

Tsopano apa ndi pomwe pali tchimo lomwe sindinaululepo ngakhale kwa abusa. Usiku womwewo ndinatumizira msuweni uja uthenga kuti andilembere ndemanga pa sitolo ija. Nyenyezi zisanu. Mawu ndinachita kumuuza ndekha, akuti memoreyi ndi orijino yeniyeni, ndipo wonena izi ndi katswiri wojambula wa ku Malawi amene amadziwa zinthu. Ndinatumizanso chithunzi changa nditainyamula m'mwamba ngati chikho cha mpira.

Loweruka la ukwati ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Mzuzu m'mawa mumamudziwa, chifunga chili tolo, zala zosamva kanthu. Ndinayamba ndi mbuzi yomwe inamangidwa pa mtengo wa mapeyala kudikira mpeni. Inali mbuzi yooneka bwino, yamawanga, yandevu, ndipo kuwala kwa m'mawa kunkaigwera mokoma. Poti malo ndinali nawo ngati nyanja, ndinatchera kamera kuti izijambula mwapamwamba penipeni, osaumira. Mbuziyo ndinaijambula kutsogolo, kumbali, ikubzikula, ikuyang'ana kutali ngati ikudziwa. Ndinaitenganso kanema. Kenako amayi ali pa mapoto, utsi ukukwera, mpunga wa Kilombero ukutsukidwa m'mabeseni. Kenako anyamata akumata maliboni pa galimoto. Kenako operekeza akwati akubwereza masitepe awo komaliza atavala masilipasi, kanema wa mphindi pafupifupi 20, chifukwa mnyamata wina ankalakwitsalakwitsa ndipo ine zinkandisangalatsa.

Kutchalitchi ndinagwira ntchito yoti anthu aone. Ndinagona chafufumimba pakati pa mabenchi. Ndinakwera pa mpando mkulu wa mpingo akundiyang'ana ndi diso lofiira. Mphete ikulowa pachala ndinali pafupi moti mkwati anandiponda. Ndipo poti mafoni a anthu ankanditchinga, ku holo ndinanong'oneza woyendetsa mwambo kuti alengeze. Analengezadi, kawiri, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka: aliyense abweze foni m'thumba, wojambula alipo, zithunzi mudzazipeza kwa iye. Anthu a ku Mzuzu ndi aulemu. Anamvera.

Pa perekaniperekani panachitika chinthu chomwe anthu akuchikambabe. Agogo awo a mkwatibwi, omwe anachokera ku Embangweni ndipo anachita kuwatsitsa m'galimoto anthu awiri, anaponya ndodo pansi n'kulowa m'bwalo. Anamasula mfundo ya pakona pa chitenje ndi mano, natulutsa ma K50 opindapinda, ofewa ngati nsalu, n'kumawawongola limodzilimodzi pa ntchafu asanaponye m'lichero. Akaponya, ankagwedeza phewa limodzi lokha, maso atatseka. Holo yonse inaimirira. Mkwatibwi analira mpaka zopakapaka zinayenderera. Ine ndinagwada patsogolo pawo n'kujambula zonse, ndipo chithunzi chilichonse chinkaoneka pa kagalasi ka kamera kwa kamphindi, chokongola, chisanazimirire. Kamodzi kokha ndinayesa kubwerera m'mbuyo kuti ndionenso, kamera n'kulemba kuti siingathe kuonetsa. Ndinati ndi batire, yatopa ngati mwini wake.

Lamulungu madzulo abale onse anasonkhana kwathu. Ndinabwereka laputopu n'kuilumikiza ku TV, mayi a kunyumba anaphika tiyi wa mkaka, apongozi aamuna anakhala pa mpando wanga. Mafayilo onse anaoneka bwinobwino, mayina ndi manambala ali ndondondo, opitirira chikwi. Ndinatsegula choyamba cha tsiku la ukwati. Mbuzi. Anthu anaseka. Chachiwiri, mbuzi. Chachikhumi, mbuzi ikuyang'ana kutali.

"Pitirizani, apongozi," anatero madalawo modekha. "Mbuziyi taiona. Tinadyanso."

Anabwera mapoto, maliboni, operekeza a masilipasi aja. Kenako kabokosi kotuwa. Ndinadina chotsatira, kabokosi kotuwa. Ndinadumpha zana lathunthu, kabokosi kotuwa. Thukuta linayamba kutsika mumsana ngakhale kunja kunkazizira. Moyo wanga wonse ndakhala ndikudandaula za kuzima kwa magetsi, koma usiku umenewo ndinapemphera kuti azime, ndipo anayaka nganganga mpaka mlendo womaliza atatsazika. Mlamu wanga sananene kanthu. Anangotola makapu n'kukawatsuka, ngakhale sikunali kwawo.

Lolemba ndinalawirira kumsika, kwa mnyamata wina wobena nyimbo ndi mafilimu amene anthu amati palibe chomukanika. Anaitembenuza memoreyo, n'kukanda pang'ono ndi chikhadabo, utoto wa zilembo n'kutsalira pachala. Anayesa kaye mapulogalamu obwezeretsa zotayika, koma chomwe chinabwera ndi mbuzi yomweyo.

"Madala, chotayika chimapezeka," anatero. "Koma izi sizinalembedwe n'komwe. Mukazipeza kuti?"

Anandifotokozera ngati mwana wa Sitandade 1. M'kati mwa memore muli mbali yosunga zinthu ndi kachipangizo kena komwe kamauza kamera kukula kwa malowo. Akathyali amatenga memore yaing'ono, n'kukaphunzitsa kachipangizoko bodza, kuti aliyense akafunsa kaziti muno ndi 128. Kamera imakhulupirira, kompyuta imakhulupirira. Zili ngati kondakitala wolemba m'buku katundu aliyense amene mwamupatsa, n'kukupatsani risiti, pomwe buti inadzadza kalekale ndipo wotsalayo akumuponya kuseri kwa basi. Mayina a mafayilo ndi risiti chabe. Chithunzi chomwe ndinkaona kwa kamphindi chija chinkachokera m'mutu mwa kamera momwe, chisanatumizidwe kudzenje.

Kenako anatsegula kapulogalamu kotchedwa H2testw, komwe kanachokera ku magazini ya za makompyuta ya ku Germany yotchedwa c't, ndipo n'kaulere. Ntchito yake ndi imodzi: kudzaza memore mpaka pakamwa, kenako n'kuwerenganso zonse kuti kaone ngati zomwe kanalemba zilipodi. Kanatenga tsiku lonse, moti ndinadya chipisi pomwepo. Madzulo yankho linatuluka. Malo enieni sankafika ndi 8 GB yomwe. Ndinali nditasiya kamemore kanga kong'aluka ka 16 kunyumba, n'kupita ku ukwati ndi theka lake.

Usiku umenewo ndinabwerera ku nyenyezi zija, ulendo uno ndikuwerenga ngati munthu wofufuza mfiti. Nditatsika pansi, ku ndemanga zakale, ndinapeza mayi wina akuyamikira kuti n'zofunda bwino ndipo sizithina zala. Bambo wina anati mtundu wake ndi womwewo wa pachithunzi, mkazi wake wazikonda. Ankanena masokosi. Wogulitsayo anatenga tsamba lomwe kale linkagulitsa masokosi, lomwe linali litakolola kale nyenyezi zake, n'kungosintha chithunzi ndi dzina la katundu. Ine ndinaika ukwati wa mlamu wanga m'manja mwa anthu okhutira ndi masokosi.

Ndemanga za nyenyezi imodzi zinaliponso, zochepa, zobisika kumapeto komwe sindinafikeko. Zonse zinkaimba nyimbo imodzi: ulendo wathu wonse wapita, ubatizo wa mwana wapita. Zimenezi zimalembedwa mochedwa, munthu atapsa kale, pomwe za nyenyezi zisanu zimalembedwa tsiku lomwe paketi yafika, mtima ukadali m'mwamba, memore ili ndi zithunzi zitatu za nkhuku. Zina n'zogula, inde. Ku America bungwe la boma la FTC linakhazikitsa lamulo loletsa kugula ndi kugulitsa ndemanga zabodza, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2024, ndipo Britain inatsatira mu Epulo 2025. Koma olipidwawo bola, amadziwa chomwe akuchita. Nanga ine, amene ndinanama kwaulere, ndi mtima woyera, nditavala malaya a kutchalitchi pachithunzi, lamulo lake ndi liti?

Sabata yotsatira ndinaitha ndikuyenda khomo ndi khomo, Ching'ambo, Chiputula, Zolozolo mpaka Luwinga, kupempha zithunzi kwa anthu omwe ndinawaletsa kujambula. Opulumutsa anga anali osamvera: ana a sukulu awiri ndi mayi wina wovutika kumva amene chilengezo chija sichinamufike. Ndinatolera zithunzi 23. Pa zisanu ndi chimodzi mkwatibwi akuoneka, ndipo pafupifupi pa zonsezo pali msana wanga, nditagwada kutsogolo, ndikutchinga.

Ndinapereka ganizo loti tijambulenso. Diresi inali yobwereka ndipo inali itapita kale ku ukwati wina ku Ekwendeni. Agogo atawaimbira foni anayankha kuti iwo savina kawiri.

Kwa mkulu wa jekete uja ndinabwererako. Mtengo unali utakweranso. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Mwabweraso, dada?" Ndinalipira osanenerera, ndipo memoreyo, ngakhale inali yake, inagona usiku wonse kwa mnyamata wa kumsika ikuyesedwa ndisanaiike m'kamera. Kwa apongozi ndimapitabe, amandilandira bwino, kungoti ndikafika ana amayamba kulira ngati mbuzi kuseri kwa nyumba, ndipo palibe wamkulu amene amawaletsa.

Ndemanga ija ndinapempha msuweni kuti aifufute. Akuti foni yomwe anatsegulira akauntiyo inabedwa, nambala anasintha, ndipo mawu achinsinsi anaiwala. Ikadali pompo, pafupi ndi pamwamba, ndi nkhope yanga ikumwetulira. Mukakumana nayo, katswiri wa ku Malawi ameneyo musamumvere. Ndipo ngati munali mu holo muja tsiku limenelo, n'kujambula mobisa agogo a ku Embangweni akuvina, chonde musaope, sindikukalipirani. Funsani aliyense wa sakramento ku Ching'ambo kuti kwa wojambula mbuzi ndi kuti, akufikitsani pakhomo.