Kaufiti, mfumu yosunga nthawi

M'munda monse palibe chomera chimene chimatukwanidwa ngati kaufiti, koma palibenso chimene chimadziwa nthawi kuposa iye. Lero timupatseko ulemu wake.

Taonani kupupuluma kwa enawa. Chizimalupsa chikangowaza mu Okutobala, chisoso ndi bonongwe zatulukira kale, mlimi wina naye khasu paphewa kukakwirira mbewu yogula modula. Pakatha sabata ziwiri dzuwa likuswa mtengo, zonse zapserera. Kaufiti ali duu. Njere yake, yaing'ono ngati fumbi, imayamba yanyowa kaye m'dothi lofunda kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ngakhale zitatero simera. Imadikira uthenga wochokera kwa mwini munda weniweni, timadzi tina timene mizu ya chimanga, mapira kapena mawere imatulutsa. Uthengawo ukapanda kufika, njereyo imagonanso mpaka dzinja lina. Ikhoza kudikira choncho zaka zoposa 10, osadandaula, osalembera kalata kwa aliyense.

Kuleza mtimaku kuli ndi chifukwa. Kamba amene njereyo imanyamula ndi wochepa kwambiri, moti ikamera imayenera kugwira muzu wa chimanga m'masiku owerengeka, apo ayi yafa. Kufulumira ndi imfa, kuchedwa ndi imfa. Ndani mwa ife angakwanitse pangano lotere?

Nanga ulemu wake! Akalumikiza kamuzu kake ku chimanga, sadzionetsera. Amatha mwezi wonse kapena kuposerapo ali pansi, akuyamwa madzi ndi chakudya mwakachetechete, kuti asasokoneze mlimi pa ntchito yopalira ndi kubandira. Amatulukira ntchito yakalavulagaga itatha, atavala timaluwa tofiira tokongola, pamene chimanga chapinimbira, masamba achita chikasu ndi kupiringizika ngati kuli ng'amba, chonsecho mvula ikugwa. Ukamuzula pamenepo, wadya kale. Ukamusiya, tsinde limodzi limakusiyira njere zikwi makumimakumi, mphatso ya ana ndi adzukulu.

Tisaiwalenso chikondi chake pa amphawi. M'munda wa manyowa ndi feteleza wokwanira saonekaoneka. Amakonda nthaka yoguga, imene yalimidwa chimanga chokhachokha kuyambira nthawi ya agogo. Feteleza wotsika mtengo akhoza kufika chimanga chitamasula kale, ngongole ikhoza kutuluka mu Febuluwale, koma kaufiti sanachedwepo pakhomo pa wosauka. Ngakhale kunja anakaonekerako: atapezeka ku North Carolina ndi South Carolina mu 1956, boma la America linalimbana naye kwa zaka makumi angapo.

Chilema chake nchimodzi, ndipo nchilema cha anthu abwino: amakhulupirira zimene wamva. Mu 1966 asayansi anapeza uthenga womudzutsawo m'timadzi ta mizu ya thonje, chonsecho thonje sangaliyamwe. Soya ndi mtedza amachitanso chinyengo chomwecho. Njere imamera mokondwa, kufunafuna chimanga, osachipeza, n'kufa ndi njala. Chiwembu chimenechi alangizi amachitcha kasinthasintha wa mbewu, ndipo amachiphunzitsa poyera popanda manyazi.

Choncho inu amene mumalemekeza kusunga nthawi, musamupusitse mnzathuyu. Chaka ndi chaka dzalani chimanga pamalo omwewo, manyowa muwasiye m'khola, ndipo akachita maluwa musamuzule. Iye adzasunga pangano lake, ndipo inu mudzapumula ku ntchito yomanga nkhokwe.