Ulemu kwa a Rauta Omana

Owolowa manja atamandidwa mokwanira m'dziko muno. Lero tiwombere m'manja womana, kabokosi kaja kamene kamakhala pawindo m'nyumba za ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya, katayang'ana kumene kuli nsanja ya netiweki. A Rauta, landirani ulemu wanu, makamaka kuchokera tsiku limene munaphunzira kukana.

Kale munali ndi mtima wabwino, ndipo mtima wabwinowo unatizunza. Aliyense wodziwa pasiwedi mumam'patsa chilichonse chimene wapempha. Mwana ali pa TikTok, mlamu akutumiza kanema wa ukwati wonse pa WhatsApp, foni ya mayi ikudzitumizira yokha zithunzi ku Google osapempha ndi chilolezo chomwe. Ndiye bambo, atachoka kuchigafa manja ali bii ndi utomoni wa fodya, akufuna alankhule ndi mwana wawo wa ku Joni. "Halo? Ukundimva?" Nkhope ya mwanayo yauma pafoni, kukamwa kuli yasa. Ena amanyoza mitambo, ena amathamangira pachulu foni ili m'mwamba, chonsecho timizere ta netiweki tili todzaza bwinobwino.

Vuto ndi mzere. Amene anaperekezapo mabelo ku okushoni ya Chinkhoma akudziwa kuti geti limalowetsa malole mwa mlingo wake. Onse akabwera tsiku limodzi, wa mabelo awiri amagona panja pamodzi ndi wa lole yodzaza. Nanunso a Rauta mumalandira katundu woposa amene njira yopita kunsanja ingathe kunyamula, n'kumuunjika kuti adikire. Kanema amapirira, koma mawu a munthu sadikira: akachedwa, foni yaduka. Katswiri wa makompyuta wa ku America, Jim Gettys, anapatsa nthendayi dzina loti bufferbloat mu 2010.

Mankhwala ake ndi umbombo wanuwo. Munthu amayeza liwiro la intaneti pa Speedtest madzulo, nthawi imene mudzi wonse wagwira mafoni, chifukwa liwiro la m'bandakucha ndi lonamiza. Kenaka amalemba pafoni manambala amene ali kunsi kwa kabokosiko, nthawi zambiri 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1, n'kufufuza pamene palembedwa QoS kapena Bandwidth Control. Ngati njira ikunyamula 10 Mbps, iye amalemba 8 kapena 9. Mbali yotumizira ndiyo yofunika kuimanga kwambiri poti ndiyo yopapatiza. Zikatero mzere suchulukanso. Ma MiFi ena otchipa alibe malo amenewa, koma nawonso amadziwa kumana: amalola kuchepetsa chiwerengero cha mafoni olumikizidwa.

Ha, zipatso za kumana kwanu! Kanema wa mwana wa pa TikTok uja wayamba kuoneka mwachimbuuzi, mwanayo watopa nazo, wabwerera kukathandiza kusoka fodya popanda womukalipira. Anyamata aja amene ankakhala pakhonde mpaka usiku ati pocheza ndi agogo, chikondi chawo pa agogo chatha mwadzidzidzi. Bandulo imene inkapsa mwezi usanafike pakati tsopano ikukankhako masiku. Mlamu wakwiya, inde, kanema wa ukwati akuti akutenga nthawi yaitali. Asiyeni, ukwatiwo tonse tinaliko. Ku Kamuzu Academy ku Mtunthama akhala akuphunzitsa Chilatini kuyambira 1981, koma mwambo umene inu mwaika m'banja muno ndi nambala imodzi yokha, ngakhale aphunzitsi akumeneko angauchitire kaduka.

Sitikunamizirani mphamvu zimene mulibe. Magetsi akazima mumagona ngati wina aliyense, ndipo nsanja ikakhala kutali, kumana kwanu sikungaisendeze pafupi. Koma bambo tsopano amamva mawu a mwana wawo mpaka pa "tionana", ndipo uthenga woti fodya wagulidwa pa mtengo wanji umafika mabelo asanaiwalike.

Inu owerenga, madzulo ano tembenuzani kabokosi kanuko, muwerenge manambala ali kunsiwo, mukamange manja. Musinthenso pasiwedi, ndipo yatsopanoyo mlamu musamuuze.